Mafanizo ndi za mumtima: zimene zimatsegula kapena kutseka nzeru za mwana m'kalasi

Kucokera mu Januwale 2022, pamene boma linayamba kupereka maphunziro aulere kufikira kusekondale, ana ambiri amene anali kukhala panyumba anabwerera kusukulu. Caka comweco boma linalemba nchito aphunzitsi 30,496, koma ngakhale n'tero makalasi ambiri anadzaza, ndipo mphunzitsi mmodzi amaima patsogolo pa ana oculuka kwambiri. Pamene ana ali ambiri conco, njira yapafupi ndiyo kulemba pabolodi, ana n'kukopera m'mabuku ndi kuloweza pamtima. Akatswiri a zamaphunziro akunena kuti mwana wophunzitsidwa mwa njira iyi akhoza kupambana mayeso, koma kumamuvuta kutulukira yekha yankho la funso limene sanalionepo. Zinthu ziwiri zimene amazichula kawirikawiri pankhaniyi sizifuna ndalama: mafanizo amene mphunzitsi amagwiritsa nchito, ndi zimene mwana akumva mumtima panthawi ya phunziro.

Fanizo ndi kufotokoza cinthu cacilendo pogwiritsa nchito cinthu codziwika kale. Mu 1980, George Lakoff ndi Mark Johnson a ku America analemba buku lochedwa Metaphors We Live By, mmene anaonetsa kuti mafanizo sali cokometsera cabe ca alakatuli, koma ndiwo njira imene anthu onse amaganizira. Cinyanja cimacitira umboni zimenezi. Munthu amati nkhani yamulowa, mau amulasa, mlandu wakula, mtima wakhala pansi. Palibe amene amaona mtima ukukhala pansi ngati munthu pamphasa, koma aliyense amamva tanthauzo lake mosavuta.

Makolo a m'dziko lino anali kudziwa bwino mphamvu imeneyi. Mu 1931, Audrey Richards wa ku Britain anaonerera mwambo wa cisungu pakati pa Ababemba m'dera la Chinsali, ndipo buku lake lonena za mwambowu linatuluka mu 1956. Iye anafotokoza mmene anacimbusa anali kuumbira tizithunzi tadothi tochedwa imbusa, kalikonse kokhala ndi nyimbo yake ndi mwambo wake, kotero kuti namwali anali kugwira phunziro m'manja, kuliimba ndi kulivina. Kum'mawa anamkungwi amacita zofanana ndi zimenezi pacinamwali. Omvera wailesi akale amakumbukiranso Julius Chongo, amene nthano zake za Poceza m'Madzulo zinali kusonkhanitsa mabanja m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970. Anthu anali kuseka, kucita mantha, ndi kutsala akukambirana za khalidwe la anthu a m'nthanoyo.

Koma fanizo lililonse lili ndi malire, ndipo apa ndi pamene mphunzitsi ayenera kucenjera. Citsanzo codziwika ndi ca magetsi. Aphunzitsi ambiri a sayansi amauza ana kuti magetsi amayenda m'waya monga madzi m'paipi, ndipo batire lili ngati thanki yokwezedwa pamwamba imene imakankha madziwo. Ena amati magetsi ali ngati khamu la anthu likupanikizana kudutsa pazipata zopapatiza. Mu 1983, Dedre Gentner ndi Donald Gentner anayesa ophunzira ogwiritsa nchito mafanizo awiriwa. Anapeza kuti a fanizo la madzi anayankha bwino mafunso okhudza kulumikiza mabatire, pamene a fanizo la khamu anacita bwino pa mafunso okhudza tizipangizo tocepetsa mphamvu ya magetsi, cifukwa n'kosavuta kuona kuti zipata ziwiri zoyandikana zimatulutsa anthu ambiri kuposa cipata cimodzi. Fanizo lililonse linaunikira mbali ina ndi kubisa ina.

Fanizo la madzi limasoceretsanso pena. Paipi ikaduka madzi amatayika pansi, koma waya akaduka magetsi satayika, amangoleka kuyenda. Ndipo mwana wa m'Zambia amene mu 2024 anakhala mumdima maola ambiri cifukwa ca kucepa kwa madzi ku Kariba akhoza kuganiza kuti m'waya mumayendadi madzi a Zambezi, pamene nchito ya madziwo ndi kuzunguza makina opanga magetsi basi. Mphunzitsi waluso sataya fanizolo cifukwa ca zimenezi. Amafunsa ana kuti apeze okha pamene fanizo likulephera, kenako kuti abweretse lao. Mwana amene wayerekezera waya ndi mzera wa anthu opatsirana njerwa pomanga nyumba waganiza mozama kuposa amene walemba tanthauzo la pabolodi popanda colakwika, ngakhale fanizo lakelo litafunika kukonzedwa.

Palinso mafanizo amene aphunzitsi ali nao onena za nchito yao yeniyeniyo, ndipo ambiri sazindikira kuti ali nao. Paulo Freire wa ku Brazil, m'buku lake limene analilemba mu 1968, anadzudzula maphunziro amene anawayerekezera ndi banki: mphunzitsi amasungitsa nzeru m'mutu mwa mwana, ndipo pamayeso amazitapa. Mu 1998, Anna Sfard anafotokoza mafanizo awiri akuluakulu a kuphunzira. Loyamba limaona nzeru ngati katundu amene munthu amatenga n'kusunga. Laciwiri limaona kuphunzira ngati kulowa m'gulu ndi kucita nao zimene gululo limacita, monga mmene mnyamata amaphunzirira ukalipentala mwa kugwira sowo pafupi ndi mmisiri. Sfard anacenjeza kuti n'koopsa kusankha limodzi lokha. Cenjezoli n'lomveka, cifukwa mwana wosaloweza matebulo a kuculukitsa amavutika ndithu ndi masamu a patsogolo. Vuto limabwera pamene mphunzitsi amaona ana monga mitsuko yopanda kanthu tsiku lililonse, pakuti mtsuko sufunsa funso.

Pa za mumtima, kwa nthawi yaitali anthu ophunzira anali kukhulupirira kuti nzeru ndi cisoni kapena cimwemwe siziyendera limodzi. Dokotala wa ubongo Antonio Damasio anatsutsa zimenezi m'buku lake la mu 1994 lochedwa Descartes' Error. Anafotokoza za wodwala amene anacotsedwa cotupa kutsogolo kwa ubongo. Munthuyo anali kukumbukira zinthu bwino ndi kupambana mayeso a nzeru, koma sanali kukhudzidwanso mtima ndi ciliconse, ndipo anayamba kulephera kusankha ngakhale zinthu zazing'ono, mpaka nchito inamuthera. Mu 2007, Damasio ndi Mary Helen Immordino-Yang analemba kuti sukulu imene imanyalanyaza mtima wa mwana imatulutsa nzeru zimene mwanayo sangazigwiritse nchito kunja kwa kalasi.

Kafukufuku wina amaonetsa mmene cimwemwe cimathandizira munthu kutulukira zatsopano. Mu 1987, Alice Isen ndi anzake anapatsa ophunzira kandulo, machisa ndi kabokosi kodzaza timisomali, n'kuwauza kuti aimike kanduloyo pakhoma mwa njira yoti phula lisagwere pansi. Yankho lake ndi kukhuthula timisomalito, kukhomera kabokosi kukhoma, ndi kuikapo kandulo. Anthu ambiri amalephera cifukwa amaona kabokosi monga cosungiramo misomali cabe. Ophunzira amene anayamba aonetsedwa kanema waufupi woseketsa ndiwo anapeza yankho moculuka kuposa anzao. Mtima womasuka unawalola kuona bokosi ngati alumali, ndipo uku n'kuganiza kofanana ndi kopanga fanizo.

Mantha amacita zosiyana ndi zimenezi, ndipo amapatsirana. Mu 2010, Sian Beilock ndi anzake a pa yunivesiti ya Chicago anafalitsa zimene anapeza pakati pa aphunzitsi acikazi 17 a giredi 1 ndi 2. Pofika kumapeto kwa caka, atsikana ophunzitsidwa ndi aphunzitsi oopa masamu anayamba kukhulupirira kuti masamu ndi a anyamata, ndipo amene anakhulupirira zimenezi anapeza mamalikisi ocepa. Anyamata sanakhudzidwe. Aphunzitsiwo anali ocepa, ndipo anali a dziko lina, koma makolo ambiri kuno amadziwa mwana amene anadana ndi phunziro lina cifukwa ca tsiku limodzi limene anasekedwa pamaso pa anzake.

M'Zambia lamulo la zamaphunziro la mu 2011 limaletsa kukwapula ana kusukulu. Lamulo lingacotse cikoti, koma manyazi ndi mau onyoza amatsala m'manja mwa mphunzitsi mwini. M'kalasi la ana 80 sizitheka kumva maganizo a aliyense, komabe aphunzitsi ena amagawa ana m'timagulu, n'kupempha gulu lililonse kuti limalize ciganizo monga cakuti mtima wa munthu uli ngati ciyani, kapena kugawa manambala kuli ngati ciyani. Mayankho amaonetsa msanga amene wamvetsa ndi amene wasocera. Mwana akanena kuti masamu ali ngati galu wolusa wa pacipata, mphunzitsi amadziwa kuti asanayambe kugawa manambala pali cina coyamba kukonza.