Getsi likathima, yambani mwafufuza musanaitane mmisiri

Pali mabanja amene amagona mumdima masiku awiri, kapena kulipira mmisiri ndalama zambiri, pavuto loti likadatha ndi babu limodzi. Palinso abambo ena amene amadziyesa akatswiri n'kuyamba kutokosa mawaya mpaka kuyatsa nyumba. Onsewa amaphonya funso loyamba: kodi mdimawu walekezera pati?

Paja akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Yambani mwasuzumira panja. Ngati kwa aneba nakonso kuli bii, vuto si la m'nyumba mwanu. Podikira, zimitsani TV, wailesi ndi firiji pasoketi, chifukwa nthawi zina magetsi pobwerera amadza ndi mphamvu yoposa mavoti 230 amene zipangizo zathu zimafuna.

Ngati mdima uli kwanu kokha, onani mita, mwina mayunitsi atha. Akakhala alipo, pitani pabokosi la main switch. M'menemo muli timaswichi totchedwa breaker, tomwe timagwa tokha pakachitika shoti kapena zipangizo zikachuluka pawaya umodzi. Mukapeza kena katagwa, zimitsani magetsi onse, zulani chilichonse m'masoketi, kenaka kakwezeni. Mukatero yatsani zinthu chimodzichimodzi. Chimene chikagwetsenso ndicho chili ndi mlandu, ndipo kawirikawiri chimakhala ayironi, ketulo kapena mbaula yamagetsi.

Koma kakangogwanso pomwepo musanayatse kanthu, kasiyeni. Kukamanga ndi tepi kapena kukachirikiza ndi kamtengo n'kuchotsa mlonda pakhomo, chifukwa waya umatentha mpaka kubuka moto.

Nanga likathima getsi la chipinda chimodzi chokha? Zimitsani swichi, dikirani babu lizizire, ndipo manja akhale ouma. Chotsani babulo n'kuikapo lina limene likuyaka m'chipinda china. Likayaka, ndiye kuti loyamba lija lapsa. Popita kukagula latsopano tengani lakalelo, poti mababu ena ndi a pini pomwe ena ndi opotokola.

Babu labwino likakana, vuto lili paholda kapena paswichi. Holda yoda, yong'aluka kapena yosungunuka imafunika kusintha, ndipo apa mpoyenera kusamala. Ngati amene adayala mawaya adalakwitsa, holda imakhalabe ndi magetsi ngakhale swichi yapakhoma ili yozimitsa. Musapisemo chala kapena sikuludiraiva musanazimitse main switch.

Tchubu chachitali chija chikamaphethira osayaka, kawirikawiri sitata yafa, ndipo ndi yotchipa. Chikada kumapeto, chatopa. Mababu a LED nawo amazilala kapena kuphethira akayandikira kufa, ndipo amafa msanga akatsekeredwa m'magalasi osalowa mphepo kaamba ka kutentha.

Pali zizindikiro zina zimene sizifuna kuyesayesa. Fungo la pulasitiki wopsa, swichi yotentha kapena yothetheka, mababu opsa pafupipafupi pamalo amodzi, ngakhalenso magetsi ena kuwala mopyola muyeso pomwe ena akuzilala, zonsezi zimasonyeza kuti waya wamasuka kapena wasupuka penapake. Makoswe a m'siling'i ndi denga lodontha nyengo yamvula amabweretsa mavuto otere. Zikatero zimitsani main switch ndipo itanani mmisiri wokhala ndi chiphaso cha bungwe la Mera, osati aliyense woyenda ndi pulayazi m'thumba.

Mita ndi waya wochokera papholo ndi za Escom. Vuto likakhala pamenepo, kaneneni kuofesi yawo, chifukwa kutsegula mita nokha ndi mlandu komanso kuika moyo pachiswe.

Moto ukabuka pawaya, musathire madzi. Zimitsani main switch ndi kuthira mchenga. Ndipo podikira mmisiri, tochi kapena nyali yasola iposa kandulo, makamaka m'chipinda cha ana momwe muli neti ndi makatani.