Pamene 5G inaimitsa ndege ku America

Pa 18 Januwale 2022, kampani ya ndege ya Emirates ya ku Dubai inalengeza kuti kuyambira tsiku lotsatira yaimitsa maulendo ake opita ku mizinda 9 ya ku America, kuphatikizapo Boston, Chicago, Houston, Miami ndi San Francisco. Air India nayo inadula ena mwa maulendo ake. Makampani awiri a ku Japan, ANA ndi Japan Airlines, anachotsa ndege zawo za Boeing 777 panjira zopita kumeneko. Ndegezo zinali zabwinobwino. Chomwe chinautsa mantha ndi choti pa 19 Januwale makampani a mafoni a Verizon ndi AT&T ankayatsa netiweki yawo yatsopano ya 5G, ndipo panalibe amene akanatsimikiza kuti kachipangizo kena kokhala kumimba kwa ndege sikasokonezeka ndi nsanja za mafoni zoyandikana ndi mabwalo a ndege.

Kachipangizoko ndi radio altimeter. Ntchito yake ndi imodzi basi: kuuza ndege kuti yatsala mtunda wotani kuti ifike pansi. Kamaponya mafunde a wailesi kunthaka, kenaka kamamvetsera akamabwerera, ndipo kuchedwa kwawo ndi kumene kamawerengera mtundawo. Kamayamba kugwira ntchito ndege ikatsika kufika pafupifupi mamita 760 kuchokera pansi. Liwu la makina lomwe limawerengera woyendetsa ndege mapazi otsala pomwe matayala atsala pang'ono kugunda msewu limatenga manambala ake kumeneku. Kukakhala chifunga choti maso sangathe kuona msewu woterapo, kompyuta ndi imene imateretsa ndege, ndipo imadalira manambala omwewa. Belu lochenjeza kuti phiri layandikira limawadaliranso. Pa Boeing 787, bungwe loona za maulendo a pandege ku America la FAA linachenjeza kuti nambala yabodza itha kuchititsa kuti injini ndi mabuleki zisazindikire kuti ndege yatera, zomwe zingaipititse kunja kwa msewu.

Anthu a ndege sankaopa zongoganizira. Pa 25 Febuluwale 2009, Boeing 737-800 ya Turkish Airlines inali kutsika kuti itere pa bwalo la Schiphol ku Amsterdam. Radio altimeter ya kumanzere inali ndi vuto, ndipo ndege ili m'mwamba pafupifupi mamita 600, inayamba kusonyeza nambala yotanthauza kuti yafika kale pansi. Kompyuta yoyang'anira mphamvu ya injini inakhulupirira, n'kuchepetsa moto. Oyendetsa anachedwa kuzindikira kuti liwiro likutha. Ndegeyo inagwa m'munda isanafike pamsewu, ndipo anthu 9 anamwalira, kuphatikizapo oyendetsa atatu. Ngoziyi sinakhudze mafoni m'pang'ono pomwe, koma inaonetsa poyera zomwe nambala imodzi yolakwika ingachite m'ndege yomwe makina ake amakhulupirirana.

Tsono 5G ikulowa bwanji apa? Mafunde a wailesi amagawidwa m'zigawo, ndipo padziko lonse ma radio altimeter anapatsidwa chigawo cha 4.2 mpaka 4.4 GHz. Kwa zaka zambiri, chigawo choyandikana nacho chakumunsi ku America chinkagwiritsidwa ntchito ndi masetilaiti potumiza mapulogalamu a wailesi yakanema padziko. Mafunde ochokera kutali chotero amafika atafooka kwambiri. Choncho opanga ma altimeter akale sanavutike kwenikweni kuwatchinga kuti asamamve za kunja kwa malire awo, ndipo miyezo yomwe ankatsatira inali yolembedwa m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970. Zili ngati munthu amene wakhala zaka zonse moyandikana ndi nkhalamba yachete, sanaonepo chifukwa choika magalasi m'mawindo, kenaka tsiku lina apeza kuti puloti ija yagulitsidwa ndipo pakumangidwa chigayo.

Bungwe loona za mafunde ku America la FCC linagulitsa chigawo cha 3.7 mpaka 3.98 GHz pa malonda omwe anatha kumayambiriro kwa 2021, ndipo boma linapeza madola oposa 80 biliyoni. Verizon yokha inalipira madola oposa 45 biliyoni, AT&T oposa 23 biliyoni. Pakati pa 5G ndi ma altimeter anasiyapo mpata wa 220 MHz, ndipo a FCC ankati ndi wokwanira. Koma mu Okutobala 2020, malondawo asanayambe, bungwe la RTCA, lomwe limasonkhanitsa akatswiri olemba miyezo ya zipangizo za ndege, linali litatulutsa kale lipoti lochenjeza kuti ma altimeter ena atha kusokonezeka. Makampani a mafoni anatsutsa lipotilo, nati lakokomeza poganizira zinthu zoipitsitsa zokhazokha, ndipo anakumbutsa kuti mayiko pafupifupi 40 ankagwiritsa kale ntchito 5G m'zigawo zofananako popanda ngozi.

Mbali zonse ziwiri zinali ndi mfundo. Koma kufanizira ndi mayiko ena kunabisa zina. Ku Ulaya 5G yotere imathera pa 3.8 GHz, kutali ndithu ndi ma altimeter. Dziko la France linapitirira apo: linalamula kuti pafupi ndi mabwalo akuluakulu nsanja zichepetse mphamvu ndipo milongoti yake iweramire pansi. Ku America zotere sizinakonzedwe pasadakhale. Tsiku loyatsa linasunthidwa kuchoka pa 5 Disembala 2021 kupita pa 5 Januwale, kenaka pa 19 Januwale. Kutatsala masiku awiri, akuluakulu a makampani a ndege analembera boma kalata kuti tsiku la nyengo yoipa maulendo oposa 1,100 atha kusokonezeka. Pa 18 Januwale Verizon ndi AT&T anavomera kusayatsa nsanja zina zoyandikana ndi mabwalo. Patangopita masiku ochepa, FAA itavomereza mitundu yambiri ya ma altimeter, Emirates ndi anzake anayambiranso maulendo.

Kwa ine chodetsa nkhawa kwambiri pa nkhaniyi ndi choti chenjezo linaperekedwa kutatsala miyezi yoposa 12, koma mabungwe awiri a boma limodzi, FCC ndi FAA, anafika mpaka usiku womaliza asanagwirizane. Zinatero m'makampani a ndege, omwe kumbali ina amasamala kwambiri za mafunde kuposa ena onse.

Kusamala kumeneku kunagulidwa ndi miyoyo. Pa 8 Disembala 1963, Boeing 707 ya Pan Am inali kuzungulira m'mwamba pafupi ndi Elkton ku Maryland podikira kutera ku Philadelphia. Mphenzi inaiomba, nthunzi ya mafuta m'thanki ya m'phiko inayaka, phikolo linaphulika, ndipo anthu onse 81 anafera pomwepo. Kuchokera apo malamulo oteteza matanki a mafuta ku mphenzi anakhwimitsidwa. Masiku ano ndege iliyonse yonyamula anthu imaombedwa ndi mphenzi pafupifupi kamodzi pachaka, ndipo nthawi zambiri okwera amangoona kung'anima ndi kumva kugunda. Magetsi amalowera pamphuno kapena kunsonga ya phiko, amayenda pakhungu la aluminiyamu, n'kutulukira kumchira. Ndege zatsopano monga Boeing 787 ndi Airbus A350, zomwe pafupifupi theka la thupi lake si chitsulo, amaziyala ukonde wopyapyala wachitsulo, makamaka kopa, pansi pa penti kuti magetsi apeze njira. Poyesa, mainjiniya amamenya zidutswa za ndege ndi mphenzi yopanga okha yofika maampeya 200,000.

Kuopsa kwina kunadza pamene makompyuta analowa m'malo mwa zingwe ndi ndodo zachitsulo zomwe kale zinkakoka mapiko. Mu 1984 ndege yankhondo ya Tornado ya dziko la West Germany inagwa itadutsa pafupi ndi nsanja yamphamvu youlutsira mawu ku Holzkirchen, kummwera kwa Munich, ndipo ngoziyo inalumikizidwa ndi mafunde omwe analowerera makina owongolera. Airbus A320 itayamba kunyamula anthu mu 1988, malamulo a woyendetsa ankafika kumapiko kudzera m'mawaya a magetsi. Waya aliyense wautali amatha kutola mafunde omwe akudutsa, ndipo kompyuta payokha sidziwa ngati lamulo lachokera m'dzanja la woyendetsa kapena ku nsanja ya wailesi. FAA inayamba kuika zofunika zapadera pa ndege iliyonse yatsopano, ndipo mu 2007 inazisandutsa lamulo lokhazikika lokhudza mafunde amphamvu ochokera ku marada ndi nsanja zoulutsira mawu.

Buku lomwe opanga zipangizo amagona nalo ndi DO-160 la RTCA, lomwe linatuluka koyamba mu 1975. Ku Ulaya lili ndi mnzake wofanana nalo, ED-14 wa EUROCAE. Muli mayeso a kutentha, kuzizira, kunjenjemera, chinyezi, fumbi ngakhale mchere. Gawo 20 limayesa ngati chipangizo chingapirire mafunde ochokera kunja, gawo 21 limayesa ngati icho chomwe sichikutulutsa phokoso losokoneza zinzake, ndipo magawo 22 ndi 23 ndi a mphenzi. Chipangizo amachiika m'chipinda chotchingidwa ndi chitsulo, chomwe makoma ake ali ndi siponji yosongoka yomeza mafunde. Amachiyatsa kuti chizigwira ntchito ngati chili m'ndege, kenaka amachiwomba ndi mafunde, kukwera pang'onopang'ono chigawo ndi chigawo, kwinaku akulowetsa magetsi osokoneza m'mitolo ya mawaya ake. Chikangophethira kapena kupereka nambala yolakwika chabwerera kwa wopanga. Chitetezo chenichenicho ndi cha zinthu zooneka wamba: mawaya ovekedwa ukonde wachitsulo, mabokosi otsekeka bwino, zosefera mafunde, ndi timalamba tachitsulo tolumikiza zigawo za ndege kuti zonse zikhale thupi limodzi. Kalamba kamodzi kakachita dzimbiri, kapena makaniko akaiwala kukabwezera, chitetezo chimachepa popanda nyali iliyonse yochenjeza. N'chifukwa chake ndondomeko zokonzera ndege zimalamula kuti tizinthu timeneti tiziyang'anidwa pa nthawi zoikika.

Vuto la radio altimeter ndi loti ndi khutu. Kompyuta ungaitsekere m'bokosi lachitsulo, koma chipangizo chomwe ntchito yake ndi kumvetsera mafunde ofooka obwerera kuchokera pansi sungachitseke. Umangochiphunzitsa kusankha zomva, ndipo ambiri mwa ma altimeter akale sanaphunzitsidwe mokwanira.

Wokwera ndege amakumana ndi nkhani yonseyi pamene wothandiza m'ndege apempha kuti mafoni aikidwe pa flight mode. Ambiri amaliona pempholi ngati mwambo chabe. Ndi zoona kuti palibe ngozi ya ndege yaikulu yomwe ofufuza anatsimikiza kuti inabwera ndi mafunde a foni ya wokwera. Ndi zoonanso kuti chiletso cha mafoni m'ndege cha ku America cha mu 1991 chinachokera ku FCC osati ku FAA, ndipo cholinga chake chinali kuteteza netiweki ya pansi, popeza foni ili m'mwamba imaona nsanja zambiri nthawi imodzi. Komabe foni ikamavutika kupeza netiweki imakweza mphamvu, ndipo oyendetsa ndege akhala akudandaula za kulira kwa m'mahedifoni, kofanana ndi komwe wailesi imachita foni ikatsala pang'ono kuitana. Kuliraku kumatha kuphimba mawu a wowongolera ndege ali pansi pa nthawi yomwe liwu lililonse ndi lofunika. Mu 2014 FAA inalamula kuti masikirini ena a kampani ya Honeywell m'ndege za Boeing 737 ndi 777 asinthidwe, atapezeka pa mayeso kuti mafunde a Wi-Fi amatha kuwazimitsa. Masikiriniwo ndi omwe amasonyeza liwiro ndi kutalika kwa ndege. Chaka cha 2013 FAA inali italola kugwiritsa ntchito matabuleti ndi mafoni a pa flight mode ulendo wonse, koma kampani iliyonse inayenera kuyamba yaonetsa kuti ndege zake zingapirire.

Kuno kwathu nkhaniyi siili kutali monga ikumvekera. Ndege za Boeing 737 ndi Q400 zomwe zimatera ku Lumbadzi ndi ku Chileka zili ndi ma altimeter a chigawo chomwecho cha 4.2 mpaka 4.4 GHz, ndipo nyengo ya dzinja zimatsika kudutsa m'mitambo ya mvula ndi ziphaliwali. TNM inayamba kuyesa 5G mu 2023. MACRA ndi imene imagawa mafunde, ndipo oyang'anira maulendo a pandege ndi ena. Pempho langa ndi loti awiriwa azikhalirana pansi chilolezo cha nsanja yapafupi ndi bwalo la ndege chisanaperekedwe, pomwe kusintha mapulani kudakali kotsika mtengo.

Ku America mapeto ake anali oti ndege ndi zomwe zinasintha. Makampani anauzidwa kuika zosefera kapena kugula ma altimeter atsopano. Kuyambira pa 1 Julayi 2023 ndege yosakonzedwa sinkaloledwa kutera pogwiritsa ntchito makina kukakhala kosaoneka bwino, ndipo pofika pa 1 Febuluwale 2024 ndege zazikulu zonyamula anthu zinayenera kukhala zitakonzedwa zonse. RTCA ndi EUROCAE anayamba kulemba miyezo yatsopano ya ma altimeter opirira phokoso la oyandikana nawo. Ntchitoyi ili ndi changu, chifukwa mu Julayi 2025 dziko la America linakhazikitsa lamulo louza FCC kuti pasanathe zaka ziwiri igulitsenso 100 MHz kapena kuposerapo kuchokera m'chigawo cha 3.98 mpaka 4.2 GHz, mpata womwe uja unasiyidwa kuti uteteze ndege.