Mtsikana wothawa masamu lero akuyeza malo a Chipata

Mwana wa mlongo wanga ankadana ndi masamu koopsa. Likakwana tsiku la mayeso, mutu unkayamba kumupweteka, m'mimba mukupota, mpaka amayi ake ankayesa malungo. Ali giredi 9 kuno ku Chipata, buku lake la masamu linali loyera mbee kuyambira pakati mpaka kumapeto. Ndikamufunsa ankangoti, "Amalume, ine ndidzagulitsa salaula pa Kapata. Ma x ndi ma y amenewa ndidzadya?"

Zinthu zinatembenuka pa tchuthi, titayamba kumangira agogo ake nyumba ya njerwa kumudzi, cha ku Mtenguleni. Iye ntchito yake inali yotunga madzi basi. Mmisiri wathu, bambo wachikulire amene anaphunzira zomangamanga pa Chipata Trades, anakhoma zikhomo, nakoka chingwe cha maziko, kenako anamukodola. "Mwanawe, tandigwirira tepi apa." Anayeza mamita 3 mbali imodzi ya ngodya, mamita 4 mbali inayo, ndiyeno anadutsitsa tepi pakati kulumikiza zizindikiro ziwirizo. Inapitirira pang'ono pa 5. "Yapotoka iyi," anatero, nayamba kusuntha chikhomo pang'onopang'ono mpaka tepi inagwera pa mamita 5 ndendende. "Eya! Apa khoma liima bwino, malatanso sadzativuta."

Mtsikana uja anangoti kakasi. Kenako anatola kamtengo n'kuyamba kulemba padothi: 3 kuchulukitsa ndi 3 ndi 9, 4 ndi 4 ndi 16, kuphatikiza 25, yomwe ndi 5 kuchulukitsa ndi 5. Anakuwa mpaka nkhuku zinabalalika. "Amalume! Ndi Pythagoras uyu! Zomwe aphunzitsi amatilembera pabolodi zija!" Madzi tsiku limenelo anatunga ena. Iye anakakamira pambali pa mmisiri, kuwerengera njerwa zolowa pa khoma lililonse ndi matumba a simenti, ndipo pomwe dzuwa linkalowa n'kuti akutsutsana ndi bamboyo za kuchuluka kwa malata.

Sukulu zitatsegulidwa, amayi ake anayamba kudandaula zina: mwana sakugona, akungotha makandulo ndi masamu! Giredi 12 anakhoza bwino kwambiri, napita ku University of Zambia ku Lusaka kukaphunzira Geomatic Engineering, maphunziro a oyeza malo ndi ojambula mapu.

Mukadzamuona lero mudzasangalala nane. Chipewa kumutu, jekete yonyezimira, nsapato zokwera nazo mapiri, paphewa atanyamula chida cha miyendo itatu choikapo makina oyezera. Ntchito ikuchita kumusaka. Chipata inakwezedwa kukhala mzinda mu 2017, ndipo mapuloti akutsegulidwa mbali zonse: njira ya ku Lundazi, ya ku Mfuwe, ya ku Mwami. Munthu asanalandire chikalata cha umwini wa malo, pamafunika woyeza abwere, apeze malire enieni, aike mabikoni. Kuno n'kwamapiri, tepi yokha singakuuzeni kutalika koona kwa malo otsetsereka. Apa m'pamene ma sine ndi ma cosine, omwe ankamuliza aja, amagwira ntchito tsiku ndi tsiku.

Chimene chimandisangalatsa kwambiri n'chakuti tsopano amaona masamu paliponse, ndipo akakhala ndi achinyamata a m'dera lathu sasiya kuwaonetsa. Mwachitsanzo, pachipata cha m'malire cha Mwami, ogwira ntchito ku Zambia Revenue Authority amasintha mtengo wa katundu kuchoka mu madola kupita mu makwacha, n'kuwerengera msonkho. Ku Msekera, ofufuza zaulimi amayeza mtedza wokololedwa pa kamunda kakang'ono kuti adziwe zomwe mbewuyo ingabereke pa hekitala yonse. Nesi pachipatala amayamba wayeza kulemera kwa mwana asanadziwe mlingo wa mankhwala, ndipo pamenepo kulakwitsa nambala ndi nkhani ya moyo. Amene amakonda za ndalama amawalozera ku maphunziro a ZICA. Amene manja awo amayabwa kufuna kumanga kapena kulumikiza magetsi amawauza za masukulu a ntchito zamanja a pansi pa TEVETA, akumawakumbutsa kuti mphunzitsi wake woyamba weniweni anali womanga nyumba.

Posachedwapa ndinamuperekeza kukayeza malo amene abambo awiri oyandikana ankakanganirana kwa nthawi yaitali, aliyense akuti mtengo wa mango uli mbali yake. Anaimika makina, nayenda uku ndi uku, nawerengera pa kompyuta, kenako anawaitana onse mwaulemu.

"Abambo, malire akudutsa pakati penipeni pa mtengowu."

Kunali zii kwa kanthawi, kenako mmodzi anaphulika ndi phwete, mnzake nayenso, mpaka anagwirana chanza. Tikukwera galimoto, mmodzi wa iwo anabwera akuthamanga, tambala ali m'manja.

"Amayi oyeza, uyu ndi wanu!"