Mthiko ulibe layisensi, nanga pulogalamu ya kompyuta?

Kodi alipo mwa inu awerengi amene analipirapo layisensi kuti avundulire nsima ndi mthiko? Funsoli n'loseketsa koma ndalifunsa dala. Tsiku la msika pa Lirangwe mumapeza mithiko ndi zipande zili mbwee, ina italiitali yophikira nsima ya pamaliro, ina ifupiifupi ya kapoto ka bachala. Wosemayo amakugulitsani mtengo ndi thukuta lake basi. Kasemedwe sabisa ayi. Mukafuna, tengani kasemasema mukaseme wanu, muutalikitse momwe mungafunire, palibe akakusumireni kwa mfumu.

Tsonotu m'dziko la makompyuta mulinso ziwiya zotere. Pachingerezi amati open source. Pulogalamu iliyonse imakhala ndi malangizo ake a mkati amene anthu analemba, otchedwa source code. Makampani ambiri amawatsekera m'kabati, inu n'kungokupatsani supuni yodyera, koma kuikonza ikapindika kapena kusulira mnzanu ina yofanana nayo n'koletsedwa. A open source amayala malangizowo poyera kuti aliyense awerenge, asinthe, agawireko anzake.

Anayamba zimenezi ndi Richard Stallman wa ku America m'chaka cha 1983, ndipo mu 1989 anatulutsa layisensi ya GPL. Lamulo lake ndi la kumudzi ndithu: tenga, sema momwe ukufunira, koma ukamapatsa ena chomwe wasemacho uwaonetsenso kasemedwe. Mu 1991 mnyamata wa payunivesite ku Helsinki, Linus Torvalds, anayamba Linux. Musati ndi za kutali izi. Foni ya Android ili m'thumba mwanuyo, mtima wake ndi Linux yemweyo. Ndiye kuti kondakitala wa minibasi ya ku Chileka amayenda ndi Linux tsiku lonse, iye osadziwa n'komwe.

Pali pamodzi pomwe fanizo la mthiko limaperewera. Mukabwereketsa mthiko kwa aneba, inu mudikire kaye kuphika. Pulogalamu ili ngati kupala moto: mnzanu wanyamula khala lake, wanu ukuyakabe.

Koma chomwe chimandiseketsa ine ndi foloko. Anthu olemba pulogalamu akasemphana maganizo, gulu lina limakopera malangizo onse n'kukapitiriza palokha, ndipo zimenezi amazitcha fork, eee, foloko yomweyo ya mano ogawanikana. Zinachitika mu 2010 kampani ya Oracle itagula Sun, yomwe inkasunga pulogalamu yolembera makalata ya OpenOffice. Ambiri mwa oisamalira sanakhulupirire mwini watsopanoyo, anatuluka n'kuyambitsa LibreOffice. Zili ngati zipani zathu zija zogawanika kukangotha konivenshoni, kungoti apa otulukawo amanyamula mbale zonse, otsala nawonso n'kutsala ndi mbale zonse.

Anyamata obena nyimbo pa Lirangwe, pa Lunzu ndi ku Chileka andiseka. Ati za ulere kodi? Ife Windows yathu sitinagule! Zoona, makompyuta ambiri m'timashopu timeneti amayendera Windows yokopera mozemba. Koma imeneyo ndi supuni yotola paukwati wa eni, umadyera chobisa ndipo ikathyoka ulibe kokadandaula. Nkhani apa si mtengo wokha. Pa 14 Okutobala 2025 kampani ya Microsoft inasiya kutumiza zigamba zaulere zotetezera Windows 10 kwa anthu wamba ambiri, ndipo Windows 11 imakana kulowa m'makompyuta akale ambiri. Nanga makompyuta a kaunjika omwe adzadza m'mashopumu si akale omwewo? Mnyamata amene ndalama ya ndiwo imachokera pa kompyuta imodzi, asankhe: kugula ina, kapena kukhala ndi yopanda chitetezo kwinaku akulowetsamo mamemole khadi a mudzi wonse. Njira yachitatu ilipo. Mitundu yopepuka ya Linux imayenda bwinobwino pa makina okalamba. Wina wotchuka ndi Ubuntu, amene anauyambitsa Mark Shuttleworth wa ku South Africa mu 2004. Dzinalo ndi umunthu wathu womwe uja. VLC yoonetsera mafilimu, imene anyamatawa amaikonda kale, nayonso ndi ya banja lomweli.

Wina anganene kuti zaulere n'zosalimba. Akafunse kuchipatala. Kuyambira 2001 a Baobab Health, omwe anayambitsa Gerry Douglas, anaika pa chipatala chachikulu cha Kamuzu ku Lilongwe timakompyuta tongodina ndi chala tolembera odwala, ndipo mu 2006 zinafika ku Queens kuno ku Blantyre kwa olandira ma ARV. Zidazo anazimanga pa mapulogalamu otseguka, ndipo Amalawi anzathu ndiwo ankasema ndi kukonza. Malipoti a pamwezi ochokera m'zipatala zing'onozing'ono, monga za kwathu kuno, amakathera mu DHIS2, pulogalamu yotseguka yochokera ku yunivesite ya Oslo imene Unduna wa Zaumoyo umagwiritsa ntchito, monganso maiko ena oposa 70.

Tinene chilungamo, wosema mthiko nayenso amadya. Apa ndiye pamagona vuto la zida zimenezi. Mu 2014 kunapezeka chibowo chotchedwa Heartbleed mu OpenSSL, kapulogalamu kamene kankatchinjiriza zinsinsi pa mbali yaikulu ya intaneti, ndipo dziko linadzidzimuka kumva kuti oisamalira anali anthu owerengeka, ambiri ongodzipereka. Makampani olemera ankapakulira chipande chimenechi zaka ndi zaka osafunsa kuti wosemayo wagona ndi njala kapena ayi. Kwathu kuno ndalama zambiri zosamalira makompyuta a zaumoyo zakhala zikuchokera kwa mabungwe akunja, ndipo tonse tinaona mu Januwale 2025 momwe thandizo la America linaimira mwadzidzidzi. Malangizo a pulogalamu ali poyera inde, koma owadziwa kuwerenga akapanda kulipidwa apita ku Joni.

Komanso musayembekeze zozizwitsa. Wozolowera kupanga makhadi a ukwati pa Photoshop adzatukwana masabata angapo asanazolowere GIMP, ndipo mapulinta ena amavuta kulumikiza. Ubwino wake Linux mutha kumulawa kaye kuchokera pa fulashi, osafufuta kalikonse m'kompyuta, ngati kulawa mchere wa ndiwo ndi kansonga ka supuni. Nkhani mukuwerengayi ndailemba pa LibreOffice, pa laputopu yakale yoti batire yake inafa kalekale, ndipo kwa akonzi yapita ngati fayilo ya Word.