Za Nyumbu, Moto ndi Mitengo ya ku Serengeti

Mwezi uno tafuna kukusimbirani za chidikha chachikulu cha Serengeti, kumpoto kwa dziko la Tanzania, kumene nyama zakutchire zidaphunzitsa anthu anzeru chinthu chimene sadachiyembekezere.

Nkhaniyi iyamba ndi tsoka. M'chaka cha 1887 asilikali a ku Italy adatsitsa ng'ombe zodwala pa dooko la Massawa, ndipo mliri wa ng'ombe udayamba kuyenda ndi dziko lonse la Afirika. Pofika 1892 udali utafika kwa Angonde, kumpoto kwa nyanja yathu, ndi kusiya makola ali pululu. Sudalekere pa zoweta zokha ai: njati ndi nyumbu nazonso zidagwa unyinji. Ku Serengeti nthendayo idakhazikika zaka 70, nimapha ana a nyumbu chaka ndi chaka.

Tsono onani chimene chidatsatapo. Pakuchepa kwa zodya msipu, udzu udayamba kukula mpaka kubisa munthu, ndi kuuma uli chiimire. Inu nonse mudziwa m'mene tsekera wouma ayakira mwezi wa Okutobala, anyamata osaka mbewa akangoponyapo kamoto. Momwemonso kumeneko moto wolusa unkapsereza dera lalikulu chaka chilichonse, ndipo timitengo tongophuka kumene tinkapsa tisanafike m'chiuno. Mitengo yakale inkagwa popanda ina yolowa m'malo mwake. Ambiri ankaloza chala njovu, koma mlandu waukulu udali wa moto.

Chipulumutso chidadzera ku makola a anthu. Madokotala a ziweto, mmodzi wa iwo Walter Plowright amene ankagwira nchito ku Kenya, adakonza katemera wabwino nabaya ng'ombe zozungulira chidikhacho. Nyumbu palibe adaibaya ndi imodzi yomwe, komabe pofika 1963 nthenda idatha pakati pao, pakuti gwero lake lidali ng'ombe. Nyumbu zimene zidali ngati 250,000 m'chaka cha 1961 zidaswana mpaka kufika ngati 1,300,000 m'chaka cha 1977.

Apa ena adachita mantha, nati ziphedweko zisanathe udzu ndi kusandutsa dziko chipululu. Ife sitiwadzudzula, chifukwa aliyense amene adaonapo dambo lodyetsedwa ng'ombe zambiri akadaganiza chimodzimodzi. Koma Anthony Sinclair, amene adayamba kuwerenga nyama kumeneko m'chaka cha 1965, pamodzi ndi anzake, adapempha kuti aziyembekeze. Ndipo nyumbu zidaleka zokha kuchuluka, pakuti msipu wa m'chilimwe udaziikira malire. Udzu utafupika, moto udasowa chakudya. Moto utachepa, timitengo taminga tidapeza mpata wokula. Mitengo itabwerera, nyamalikiti ndi mbalame zidapeza pokhala ndi podya.

Kadyedwe kake nkosiririka. Mbidzi sizinyansidwa ndi mapesi olimba a udzu wautali. Nyumbu zifuna masamba ofewa a m'munsi. Tiagwape ta m'chidikha tikonda nsonga zanthete zophukira pamene zinzao zameta. Ndowe zao zibwezera chonde m'nthaka. Ndipo chimene chisiyanitsa gulu limeneli ndi ng'ombe za pa dambo lathu nchakuti silikhalitsa malo amodzi: litsata mvula mpaka ku Masai Mara m'dziko la Kenya, ndi kusiya busa lipume miyezi yambiri.

Nanga mikango ndi afisi? Tikadayesa kuti ndizo zichepetsa nyama zonse, koma si choncho. Mkango uli ndi dera lake ndi ana oti uwalere, motero sungalondole nyumbu ulendo wonsewo. Nyumbu zambiri ndi njati zifa ndi njala ya m'chilimwe, osati ndi mano. Zimene zilombo zilamuliradi ndi nyama zazing'ono, chifukwa kagwape kali ndi adani ambiri, kuyambira nkhandwe, kambuku, fisi mpaka mkango. Izi zidaoneka bwino m'zaka za m'ma 1980, pamene opha nyama mozemba adachepetsa zilombo kumpoto kwa Serengeti: nyama zazing'ono zidachuluka msanga, koma nyamalikiti idakhala monga kale, ndipo zilombo zitabwerera tinyama tija tidachepanso.

Za mliri uja, m'chaka cha 2011 kudalengezedwa kuti watheratu pa dziko lonse lapansi, patapita zaka 124 chitsikireni ng'ombe zija pa Massawa.