Ulendo wapansi wa masamba oposa 1,000

Ana inu, munamvapo za mwana amene ankalipidwa chifukwa chowerenga nthano? Zinachitikadi ku England. Mnyamata wina dzina lake Rayner Unwin anali mwana wa munthu wosindikiza mabuku mumzinda wa London. Bambo akewo, a Stanley Unwin, ankakhulupirira kuti wodziwa kukoma kwa buku la ana ndi mwana yemwe. Choncho akalandira nkhani ya ana yoti asindikize, ankayamba apatsa Rayner kuti awerenge n'kulemba maganizo ake, malipiro ake shileni imodzi. M'chaka cha 1936, Rayner ali ndi zaka 10, anam'patsa mulu wa mapepala wochokera kwa mphunzitsi wina wa pa yunivesite ya Oxford. Atamaliza analemba kuti nkhaniyo ndi yabwino ndipo ana a zaka 5 mpaka 9 adzaikonda. Buku lija, The Hobbit, linatuluka pa 21 September 1937, ndipo pofika December mabuku 1,500 oyambirira anali atatha kugulidwa.

Mphunzitsiyo anali J. R. R. Tolkien. Mwina mudabwa kumva kuti anabadwira mu Africa momwe muno, mumzinda wa Bloemfontein ku South Africa, mu 1892, ngakhale kuti anachokako ali ndi zaka 3 zokha. Osindikiza atamuuza kuti owerenga akufuna nkhani ina yopitiriza, anakhala pansi n'kuyamba kulemba. Nkhani ija inangokulirakulira m'manja mwake mpaka inam'tengera zaka 12. Dzina lake ndi The Lord of the Rings, masamba ake oposa 1,000. Nthawi imeneyo nkhondo yachiwiri ya padziko lonse inali itatha koma mapepala anali akadali okwera mtengo, choncho anaigawa m'mabuku atatu omwe anatuluka mu 1954 ndi 1955. Amene anailimbikira kuti isindikizidwe anali Rayner yemwe uja, tsopano ali wamkulu, akugwira ntchito pa kampani ya bambo ake. Ankaopa kuti aluzapo mapaundi 1,000. Sanaluze.

Funso lathu lero ndi ili: n'chiyani chimachititsa munthu wanzeru zake kugona mochedwa, tochi ili m'manja, akuwerenga masamba onsewo onena za dziko limene kulibe?

Dziko lopanda foni

Mabuku amtunduwu amakonda kubwereka maonekedwe a nyengo ina yakale ya ku Ulaya, ya pakati pa zaka za m'ma 500 ndi 1500. Inali nyengo ya mafumu okhala m'malinga amiyala, ya asilikali okwera akavalo atavala zovala zachitsulo, ya malupanga, zishango, mauta ndi mivi. Galimoto kunalibe. Magetsi kunalibe. Buku ankalikopera pamanja tsamba ndi tsamba, mpaka pamene Johannes Gutenberg anapanga makina ake osindikizira cha m'ma 1450. Wolemba amatenga zinthu zoterezi, n'kuonjezapo zake za m'mutu: zinjoka zamapiko zolavula moto, mitengo yoyenda ndi kulankhula, mphete zamatsenga.

Koma bwanji osangolemba za masiku ano? Taganizani. Mu The Lord of the Rings muli mphete yoopsa imene inasulidwa ndi Sauron, mbuye wa mdima. Woivala saonekanso, koma pang'onopang'ono imamudya mtima mpaka atasanduka kapolo wake. Singaphwanyidwe ndi nyundo kapena nkhwangwa. Iyenera kuponyedwa m'phiri lamoto momwe inasulidwira, pakati penipeni pa dziko la mdaniyo, ku Mordor. Kukanakhala ndege, nkhani yonse ikanatha tsiku limodzi. Koma Frodo, amene wasenza mpheteyo, akuyenda wapansi, nthawi zina pabwato, kwa miyezi 6. Akudutsa m'nkhalango, m'chipale chofewa, m'migodi yamdima, m'madambo onunkha. Inu owerenga mukuyenda naye. Njala yake mukuimva, ndipo madzi akayamba kuchepa m'botolo, kukhosi kwanu kumaumanso.

Uthenga nawo umayenda movutikira. Mzinda wa Minas Tirith utatsala pang'ono kuzingidwa ndi adani, panalibe woimbira foni abwenzi awo a ku Rohan. Anayatsa moto pamwamba pa phiri. Alonda a phiri lotsatira atauona anayatsa wawo, enanso chimodzimodzi, mapiri 7 kutsatana, kwinaku amithenga akuthamanga pa akavalo atanyamula muvi wofiira. Kodi thandizo lifika nthawi yake? Palibe akudziwa, ndipo inunso simukudziwa. Kudikira kumeneku ndiye mtima wa mabuku oterewa. M'dziko la foni, munthu akasochera amangoimba. M'dziko la Frodo, abwenzi akasiyana panjira amatha masamba mazanamazana wina osadziwa ngati mnzake ali moyo.

Ngwazi yosavala nsapato

Frodo si mfumu, si msilikali. Ndi hobbit. Ma hobbit ndi anthu aafupi, ambiri a iwo osaposa mita imodzi kwenikweni, a mapazi aubweya osafuna nsapato. Amakonda kulima, kucheza, ndi kudya kasanu ndi kamodzi patsiku ngati chakudya chilipo. Pa tsiku lokumbukira kubadwa kwake, hobbit ndiye amapereka mphatso kwa alendo. Zankhondo sazidziwa. Pa gulu la anthu 9 lonyamuka ndi mphete ija pali Aragorn wa lupanga, Legolas wa uta, Gimli wa nkhwangwa, Boromir mwana wa wolamulira dziko la Gondor, ndi nkhalamba yanzeru Gandalf. Onsewa ndi amphamvu kuposa Frodo. Komatu mphamvu zawozo ndizo zikuwalepheretsa kuinyamula, chifukwa mpheteyo imanyenga msanga munthu amene ali ndi zazikulu zoti achite nayo. Ngakhale Gandalf anaikana, poopa chimene angasanduke.

Ine wanga wapamtima ndi Sam, wosamalira maluwa ndi ndiwo zamasamba kunyumba kwa Frodo. Pafupifupi ulendo wonsewo wabereka mapoto ake kumsana, ndi kabokosi ka mchere kamene akukasunga ngati chuma. Atayandikira dziko la mdani, pamene wina aliyense akanangoganiza za imfa, Sam akusonkha kamoto n'kuphika akalulu awiri, uku akudandaula kuti mbatata ya kachewere palibe. Tolkien anamenya nawo nkhondo yoyamba ya padziko lonse, ndipo mu 1916 anali ku Somme, ku France, kumene kunafera anzake awiri apamtima. Iye ananena kuti Sam anam'tengera pa asilikali wamba amene anawadziwa kumeneko, anthu opanda maudindo koma amene iye ankawaona kuti ndi omuposa kutali.

Mwana amene akuwerenga amadziwa bwino kukhala wamng'ono pakati pa akuluakulu okambirana zinthu zolemera. Ndikhulupirira kuti n'chifukwa chake ma hobbit amalowa msanga mumtima.

Kutalika kuli ndi ntchito yake

Nthano ya agogo imayamba ndi padangokhala, inu n'kuvomera tilitonse, ndipo moto usanazime Kalulu wapusitsa kale Fisi, nthano yatha. Mawa akabweranso Kalulu, ndi yemwe uja, wochenjera monga dzulo. Sasintha, ndipo sitifuna kuti asinthe. Nkhani ya mabuku angapo imachita zina. Imakupatsani nthawi yoona munthu akusintha inu mukupenya.

Pippin akunyamuka ali wachibwana, wogwiragwira zinthu zoletsedwa. Anaponyapo mwala m'chitsime pamalo ofunika kukhala chete, Gandalf n'kumukalipira koopsa. Pofika buku lachitatu, Pippin yemweyo akuthamanga kukapulumutsa munthu amene watsala pang'ono kuotchedwa wamoyo. Legolas ndi Gimli ndi a mitundu iwiri yodana kuyambira makolo awo, ma Elf ndi ma Dwarf. Poyamba amangonyozana. Pomaliza akukwera kavalo mmodzi, akulonjezana kuti wina adzaonetsa mnzake nkhalango, winayo mapanga okongola. Wolemba akanangoti awiriwa anagwirizana, sitikanakhulupirira. Timakhulupirira chifukwa tinalipo tsiku lililonse.

Ndiye pali Gollum, kanthu kowonda, ka maso aakulu, kamene kanasunga mpheteyo zaka pafupifupi 500 m'phanga la pansi pa mapiri. Mu The Hobbit, Bilbo, wachibale wa Frodo, akuponyerana naye ndagi mumdima, moyo wake uli pachiswe. Kenako akupeza mpata womupha, koma akumumvera chisoni n'kumusiya. Kachinthu kochepako, kochitika mu The Hobbit, kamadzabala zipatso kumapeto kwenikweni kwa buku la 1955. Zipatso zanji? Ayi, sindikuuzani. Koma chisangalalo chozindikira kuti mbewu imene inagwa kalekale ndiyo yamera apa sichipezeka m'kabuku ka masamba 20.

Dziko lokhala ndi mapu ake

Mukatsegula bukuli mupeza mapu: mitsinje, mapiri, misewu, mizinda, zonse ndi mayina ake. Anawajambula bwino ndi mwana wa Tolkien, Christopher. Owerenga ambiri amaika chala pamapupo n'kumatsata pamene gulu lafika. Tolkien ankawerengera mtunda umene munthu angayende patsiku, ndiponso ankasamala za mwezi wakumwamba, kuti ngati Frodo akuuona wathunthu usiku wina, anzake amene ali kutali asauone wongotuluka kumene.

Chodabwitsa kwambiri ndi zilankhulo. Ntchito ya Tolkien inali yophunzitsa Chingelezi chakale, ndipo kuyambira ali mnyamata ankapeka zilankhulo zakezake posewera. Ma Elf anawapangira ziwiri, Quenya chomveka ngati chilankhulo cha ku Finland, ndi Sindarin chomveka ngati cha ku Wales, zonse ndi malamulo ake ndi zilembo zake. Iye ankati zilankhulozo ndizo zinayamba, nkhani inabwera pambuyo kuti zipeze anthu ozilankhula. Ankatolanso zinthu m'mabuku akale enieni. M'ndakatulo yakale ya ku England yotchedwa Beowulf muli chinjoka chimene chinakwiya munthu atachibera chikho, ndipo Bilbo nayenso akubera chikho chinjoka chotchedwa Smaug. Dzina la Gandalf ndi mayina a ma Dwarf ambiri anawatenga m'ndakatulo yakale ya ku Iceland.

Zonsezi zimachita chinthu chimodzi. Anthu a m'nkhani akadutsa pa bwinja la nsanja yakugwa n'kutchula mfumu imene inamanga, mumamva kuti kuseri kwa nkhani mukuwerengayi kuli nkhani zina zambirimbiri. Ndipo zilikodi. Tolkien atamwalira mu 1973, Christopher anasonkhanitsa mapepala ake n'kutulutsa The Silmarillion mu 1977, mbiri ya zaka zikwizikwi Frodo asanabadwe.

Musanamizike

Ulaya weniweni wa nthawi imeneyo sanali wokoma monga wa m'mabuku. Anthu ambiri sanali ankhondo apakavalo, anali alimi osauka olimira eni minda. Mliri umene unabuka mu 1347 unapha munthu mmodzi pa atatu alionse, mwinanso kuposa, m'zaka zochepa chabe. Ndipo kachewere amene Sam akumulakalaka uja, pamodzi ndi fodya amene ma hobbit amasuta m'kaliwo, kunalibe ku Ulaya nthawi imeneyo. Zinachokera ku America pambuyo pa 1492. Choncho mabukuwa si oti muwerengere mayeso a mbiri yakale.

Ali ndi zofooka zinanso. Akazi ndi ochepa kwambiri mu The Lord of the Rings, ndipo pa gulu la 9 lija palibe ngakhale mmodzi. Mwamwayi alipo Éowyn, mwana wa mlongo wake wa mfumu ya Rohan, amene anauzidwa kuti atsale kunyumba koma anavala ngati mwamuna n'kupita kunkhondo. Chiyambi cha bukuli nachonso chimayenda pang'onopang'ono, ndipo ambiri amalisiya asanatuluke m'dziko la ma hobbit. Makolo ena akamva za matsenga amachita mantha. Mukhoza kuwauza kuti Tolkien anali Mkatolika wolimbikira, ndipo m'nkhani yake mphamvu yamatsenga yolamulira ena ndiyo chinthu choyenera kutayidwa pamoto.

Muyambire pati?

Tolkien sali yekha. Mnzake wa ku Oxford, C. S. Lewis, analemba mabuku 7 a dziko la Narnia pakati pa 1950 ndi 1956, ndipo Chingelezi chake n'chosavuta. Lloyd Alexander analemba mabuku 5 a dziko la Prydain, onena za Taran, mnyamata wothandiza kuweta nkhumba. Ursula K. Le Guin anayamba nkhani za zilumba za Earthsea mu 1968, ndipo ngwazi yake, Ged, ndi mnyamata wa khungu loderako amene ankaweta mbuzi. Mukamva akuluakulu akutchula A Game of Thrones la George R. R. Martin, limenelo ndi lawo, mudzalipeza mukadzakula. Mafilimu atatu a Peter Jackson, amene anajambulidwa ku New Zealand n'kutuluka kuyambira 2001 mpaka 2003, ndi okoma, koma mukayamba ndi iwo nkhope za anthu onse adzakusankhirani ndi eni filimu.

Funsani kulaibulale ya kusukulu kapena ya m'tauni ngati ali ndi The Hobbit. Lili ndi mitu 19, ndipo mutu umodzi patsiku ndi wokwanira. Mukakumana ndi mawu achilendo musaime paliponse, pitirirani, ambiri amadzimasulira okha kutsogolo. Mayina akachuluka, lembani kuseri kwa kope kuti uyu ndani, mbale wake ndani. Mudzalifuna kopelo tsiku loyamba lomwe, chifukwa m'mutu woyamba ma Dwarf 13 akugogoda pakhomo pa Bilbo osaitanidwa ndi iye, motsatizanatsatizana, aliyense ndi dzina lake, ndipo onse ali ndi njala.