Kumupezera khomo galu yemwe aliyense akumukana

Ruger adali galu yemwe anthu ambiri sakadalola kuti aponde pakhomo pawo. Adabadwira m'dera la Blackfeet, m'chigawo cha Montana ku America, ndipo adakathera kumalo osungirako agalu osowa eni ake. Kumeneko adatchuka ndi ukali komanso kuluma.

Koma Megan Parker, katswiri wa bungwe la Working Dogs for Conservation, adaona zomwe ena sadazione. Galuyu akangoona chidole chake ankaiwala zonse, ndipo ankatha kugwira ntchito nthawi yaitali pofuna kuti amupatse chidolecho. Adamuphunzitsa kununkhiza minyanga ya njovu, mfuti, zipolopolo ndi nyama ya m'tchire, ndipo mu 2014 adamutumiza ku South Luangwa, kummawa kwa dziko la Zambia. Pofika 2016, nyuzipepala ya The Guardian ya ku Britain idalemba kuti Ruger, yemwe apa n'kuti maso ake akuchita khungu, adali atathandiza kugwira anthu pafupifupi 150 opha nyama mozembera malamulo.

Ndi agalu ochepa kwambiri omwe angapeze ntchito ngati ya Ruger. Ambiri anyonga ndi ovuta khalidwe amangofunika khomo wamba, ndipo kulipeza ndi imodzi mwa ntchito zolemetsa kwa mabungwe osamalira zinyama, kuphatikizapo a m'dziko muno monga Lilongwe Society for the Protection and Care of Animals (LSPCA), lomwe lidakhazikitsidwa mu 2008, ndi Blantyre SPCA. Galu wotere akapita pakhomo polakwika, mapeto ake amakhala kuluma mwana, kubwezedwa komwe adachokera, kutayidwa kumsewu kapena kuphedwa.

Kuvutaku kumachokera kuti?

Mawu oti "galu wovuta" amaphatikiza zinthu zambiri zosiyana. Wina amalumphira alendo, wina amatafuna nsapato ndi mipando, wina amakumba maluwa ndi kudumpha mpanda, wina amauwa usiku wonse, pomwe wina amalusa munthu akayandikira mbale yake. Chilichonse mwa izi chili ndi gwero lake, kotero mankhwala akenso ndi osiyana.

Gwero loyamba ndi nyonga yosowa kopita. Mitundu monga German Shepherd, Belgian Malinois ndi Border Collie anthu adaiweta kuti izigwira ntchito tsiku lonse, monga kuweta nkhosa. Galu wa magazi otere akatsekeredwa m'kakhola kuyambira mmawa mpaka usiku, amadzipezera yekha chochita, ndipo kawirikawiri chimakhala chomwe mwini wake sakondwera nacho.

Lachiwiri ndi makulidwe. Kafukufuku wa John Paul Scott ndi John Fuller, yemwe adasindikizidwa mu 1965 atachitika kwa zaka zambiri ku Bar Harbor m'dziko la America, adaonetsa kuti mwana wa galu amaphunzira kuzolowera anthu makamaka pakati pa sabata zitatu ndi 12 zakubadwa. M'mera mpoyamba. Kagalu komwe kadalandidwa kwa make kasadakhwime n'kumagulitsidwa m'mbali mwa msewu, kapena komwe kadakulira kuseri kwa nyumba osaona ana, njinga ngakhale alendo, kamakula kamantha. Agalu ambiri oluma amaluma chifukwa cha mantha amenewa.

Lachitatu ndi momwe anthu amamusungira. M'makomo ambiri m'tauni galu amakhala pa tcheni kapena m'khola lamdima usana onse, ndipo ena amamukwapula kapena kumudyetsa zinthu monga mavu ndi tsabola pokhulupirira kuti akhala wolusa ndi wodziwa kulondera. Galu womangidwa alibe kothawira akaopsezedwa, kotero amaphunzira kuti mano ndiwo chitetezo chake.

Palinso ululu. Dzino lobooka, khutu lotukusira kapena mwendo wopweteka zingachititse galu wofatsa kuyamba kulusa akakhudzidwa. N'chifukwa chake ntchito yofufuza khalidwe imayenera kuyambira kwa dokotala wa zinyama.

Anthu ambiri amaloza chala mtundu wa galu, koma kafukufuku yemwe adatuluka m'magazini ya Science mu 2022, wokhudza agalu oposa 18 000, adapeza kuti mtundu umangofotokoza pafupifupi 9 peresenti ya kusiyana kwa khalidwe pakati pa galu ndi mnzake. Izi zikutanthauza kuti galu aliyense ayenera kuunikidwa payekha, kaya ndi wachizungu kapena wachikuda.

Kumudziwa galuyo kaye

Malo osungirako agalu ndi aphokoso, odzaza fungo la agalu ena, ndipo nkhope zimasinthasintha. Galu wanyonga akakhalitsa malo otere amayamba kuzungulirazungulira m'khola, kulumphira waya ndi kuuwa aliyense wodutsa. Obwera kudzasankha galu amamulambalala, iye n'kukhalitsabe, khalidwe n'kumaipiraipira.

Kwa zaka zambiri mabungwe a maiko akunja ankayesa agalu ndi mayeso achidule, monga kulowetsa dzanja lapulasitiki m'mbale galu akudya kuti aone ngati aluma. Mu 2016, akatswiri awiri, Gary Patronek ndi Janis Bradley, adalemba kuti mayeso otere salosera bwino zomwe galu adzachite akakafika pakhomo, ndipo adawafanizira ndi kuchita mayere poponya ndalama m'mwamba.

Njira yodalirika ndi kumuonetsetsa galuyo masiku ambiri komanso m'malo osiyanasiyana: poyenda naye pachingwe, posewera ndi agalu ena, pomwe akudya ndi pomwe wakumana ndi mlendo. Mabungwe ambiri amamupereka kaye kwa munthu wongodzipereka kuti akhale naye kunyumba kwa kanthawi. Kafukufuku wa Lisa Gunter ndi anzake a ku Arizona State University, wa mu 2019, adapeza kuti galu akagona kunyumba ya munthu ngakhale usiku umodzi kapena uwiri, mlingo wa cortisol, mchere wa m'thupi wosonyeza nkhawa, umatsika.

Wosunga mongoyembekezerayu ndiye amabweretsa mayankho omwe khola silingapereke. Kodi galuyu amagona usiku? Amatani akaona nkhuku? Akasiyidwa yekha amalira kapena kuononga katundu? Akachita mantha, amatenga nthawi yaitali bwanji kuti mtima ukhale m'malo?

Khomo loyenera ndi lotani?

Lamulo loyamba kwa opereka galu ndi kunena zoona. Kubisa kuti galu adalumapo munthu, kapena kuti amapha nkhuku, kumangofulumizitsa tsiku lomwe adzabwezedwe, ndipo kumaika pachiswe banja lomwe lamutenga mosadziwa. Wofuna galu ali ndi ufulu wofunsa mbiri yonse: komwe adachokera, chifukwa chomwe adasiyidwira, kangati adabwezedwapo komanso chomwe chidachitika pomwe adaluma.

Kukula kwa bwalo si chinthu chachikulu monga ambiri amaganizira. Galu wosiyidwa yekha pabwalo lalikulu amangogona pageti kudikira wodutsa woti amuuwe. Chofunika kwambiri ndi munthu wokhala ndi nthawi yoyenda naye mmawa ndi madzulo, kusewera naye mpira ndi kumuphunzitsa tsiku lililonse. Kwa galu wanyonga kwambiri, ola limodzi kapena awiri patsiku si nthawi yochuluka. Munthu wokonda kuthamanga mmamawa, kapena banja la kumunda kunja kwa tauni, angamuthe galu yemwe walephereka m'nyumba ya lendi ya zipinda ziwiri.

Mpanda uyenera kukhala wautali ndi wopanda mipata, ndipo geti lizitsekeka bwino. Wokhala m'nyumba ya lendi ayambe wamva maganizo a mwini nyumba komanso aganizire anansi ogawana nawo bwalo. Onse a pakhomo, kuphatikizapo wantchito ndi mlonda, ayenera kukumana ndi galuyo asadabwere, chifukwa nthawi zambiri iwowa ndiwo amatandala naye bwana ali kuntchito.

Khomo la ana aang'ono si loyenera galu wolusa pa chakudya kapena wamantha akakhudzidwa mwadzidzidzi. Ngakhale galu wansangala, ngati ndi wamkulu thupi ndiponso wolumphalumpha, angagwetse mwana kapena gogo. Chimodzimodzi khomo loweta nkhuku, abakha kapena akalulu silingasunge galu wokonda kuthamangitsa chilichonse choyenda.

Pali msampha wina womwe ndi waukulu m'mizinda ya m'dziko muno. Chifukwa cha umbava, anthu ambiri amafuna galu wolusa, ndipo akamva kuti pali galu woluma amaona ngati apeza mlonda. Khomo lotere ndi loopsa kwa galu wamantha, chifukwa amakamutsekera ndi kumulimbikitsa ukali. Galu wotere sasiyanitsa mbala ndi mwana wa mnansi yemwe walowa kudzatola mpira. Mlonda wabwino ndi galu wokhazikika maganizo, wouwa akamva zachilendo, koma womvera akaitanidwa.

Ndalama nazo ziwerengedwe. Kupatula chakudya chokwanira, chomwe sichingakhale madeya ndi makombo okha, pamafunika katemera, mankhwala a njoka za m'mimba, a nkhupakupa ndi utitiri. Kufula galu wamwamuna kumachepetsa kuyendayenda kosaka zazikazi, ndipo kutseketsa wamkazi kumapewetsa ana osowa owasunga, koma opaleshoni payokha siichotsa mantha kapena kulowa m'malo mwa maphunziro.

Miyezi yoyamba pakhomo latsopano

Ogwira ntchito yopezera agalu makomo ali ndi kawerengedwe kawo kothandiza eni atsopano kudekha: masiku atatu oti galu atsitse mtima, sabata zitatu zoti aphunzire dongosolo la pakhomo, ndi miyezi itatu yoti adzimve kuti wafika kwawo. Kwa galu wovuta, nthawiyi ikhoza kutalikirapo. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Masiku oyambawa galu apatsidwe malo akeake abata, adye ndi kuyenda nthawi zofanana tsiku lililonse, ndipo alendo asamuunjirire. Ana aphunzitsidwe kusamuyandikira akamadya kapena akagona, ndipo asasiyidwe naye okha.

Pa kaphunzitsidwe, bungwe la madokotala oona za khalidwe la zinyama la American Veterinary Society of Animal Behavior lidanena mu 2021 kuti agalu aziphunzitsidwa ndi mphotho, osati zilango zopweteka. Galu akachita chabwino, monga kukhala pansi m'malo molumphira mlendo, alandire kachakudya kapena mpira nthawi yomweyo. Mkwapulo ungamukhalitse chete lero, koma umaonjezera mantha omwe adayambitsa vutolo. M'dziko muno, lamulo la Protection of Animals Act limaletsanso kuchitira zinyama nkhanza.

Mphuno ya galu nayo imafuna ntchito. Kumwaza chakudya chake pa kapinga kuti achisake, kubisa chidole kuti achipeze, kapena kumulola kununkhiza momasuka poyenda, kumamutopetsa kuposa kungothamanga. Imeneyi ndi nzeru yomwe idasandutsa Ruger kukhala wantchito.

Mwini galu aphunzirenso kuwerenga zizindikiro. Galu asadalume amayamba wachenjeza: amanyambita milomo, kuyasamula, kutembenuza mutu, kupanira mchira pakati pa miyendo, kuuma thupi, kenako kulira chapakhosi ndi kuonetsa mano. Kumumenya chifukwa chochenjeza kumamuphunzitsa kuti ulendo wina angoluma osachenjeza. Chanzeru ndi kumutalikitsa ku chomwe chamuopsa, n'kumamuzoloweza pang'onopang'ono ali patali.

Nkhani ya chiwewe

Kuno kwathu, kulumidwa ndi galu kumabweretsanso mantha a chiwewe. Malinga ndi bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO, matendawa amapha anthu pafupifupi 59 000 pachaka, ambiri mwa iwo ku Africa ndi ku Asia, ndipo pafupifupi onse amawatenga kwa agalu. Anthu anayi mwa 10 alionse olumidwa ndi nyama zoganiziridwa chiwewe ndi ana osafika zaka 15. Bungwe la Mission Rabies lidayamba kubaya agalu katemera mumzinda wa Blantyre mu 2015, ndipo akatswiri amati kutemera agalu 70 mwa 100 alionse kumadula kufala kwa matendawa.

Choncho galu asachoke kumalo osungirako popanda chiphaso cha katemera. Galu yemwe wasintha khalidwe mwadzidzidzi, akuchucha dovu kapena kuluma chilichonse, si nkhani ya maphunziro: atsekeredwe ndipo a zaziweto adziwitsidwe msanga. Wolumidwa atsuke bala ndi sopo pamadzi oyenda kwa mphindi 15, kenako athamangire kuchipatala tsiku lomwelo.

Zikakanika

Mu 2007, apolisi ku Virginia m'dziko la America adalanda agalu pafupifupi 50 pamalo a katswiri wa mpira Michael Vick, komwe ankawamenyanitsa. Ambiri ankati onse aphedwe, koma akatswiri adaunika galu aliyense payekha ndipo 47 adaperekedwa kumabungwe owasamalira. Mwa iwo, 22 ovutitsitsa adapita ku Best Friends Animal Society ku Utah. Ambiri mwa agalu 47 aja pambuyo pake adapeza makomo, ena adakhala moyo wawo wonse m'manja mwa akatswiri, pomwe mmodzi mwa olandidwa aja, yemwe sadali m'gulu la 47, adabayidwa jakisoni womugoneka chifukwa ukali wake udali woposa muyeso.

Nkhaniyi ikuonetsa mbali zonse ziwiri. Agalu ochuluka omwe anthu adawataya mtima amasintha akapeza malo oyenera, koma alipo ochepa omwe kuwapereka kwa banja kungakhale kuika miyoyo pangozi. Chigamulo chotere chimafuna dokotala wa zinyama ndi wodziwa khalidwe la agalu.

Kwa banja lomwe layesetsa koma zakanika, njira yabwino ndi kubweza galuyo komwe lidamutenga ndi kufotokoza zonse zomwe laona. Kumupatsira mnzako mobisa mbiri yake, kapena kukamutsitsa m'galimoto kutali ndi kwanu, kumangosamutsira vutolo kwa ana a eni. Zomwe banjalo lanena pobweza, kaya ndi zoti amaopa amuna ovala zipewa kapena sagwirizana ndi amphaka, ndizo zimathandiza kuti khomo lotsatira likhale lomaliza.